Lonestar Memories, perefyumu wa utsi woyenera chisanu cha ku Angónia osati kutentha kwa mumzinda wa Tete

Kwa munthu amene anakulira m'chigawo cha Tete, fungo la utsi si chinthu chimene angaganize zochigula ndi ndalama, chifukwa utsi ndi umene timalimbana nawo kuuchotsa m'zovala ndi m'tsitsi tisanapite kutchalitchi, kuukwati kapena kuntchito. Mayi amene waphika pamafuwa amasamba ndi kusintha nsalu asanatuluke, ndipo mnyamata amene wagona kuuvuni wa makala amadziwika ndi aliyense akangokwera chapa. N'chifukwa chake perefyumu wotchedwa Lonestar Memories, wopangidwa ndi kampani yaing'ono ya Tauer Perfumes ya ku Zürich m'dziko la Switzerland, amakumana ndi mayeso ovuta kuno kuposa kumene anapangidwira. Wogula wa ku Ulaya, amene amaphikira magetsi kapena gasi, akamva utsi amakumbukira tchuthi ndi moto wosonkha pongosangalala, pamene ife tikaumva timayamba tafunsa kuti chikupsa n'chiyani, ndipo mphuno zathu zimasiyanitsa msanga utsi wa nkhuni zaziwisi, wa zitsononkho, wa lupsa ndi wa matayala. Funso lenileni tsono ndi lakuti, kodi munthu amene wadzithira perefyumu ameneyu amamveka kuti wadzola fungo lokonzedwa mwaluso, kapena amangomveka ngati wachokera pamoto? Yankho langa ndi lakuti zonse ziwiri zimachitika, ndipo chimene chimagamula ndi maola amene apita chidzithirireni komanso malo amene munthuyo ali.

Mwini kampaniyi, a Andy Tauer, anaphunzira sayansi ya kemisitiri, koma luso losakaniza mafungo anachita kudziphunzitsa okha, osadutsa m'masukulu a ntchitoyi a ku France. Anatchuka ndi perefyumu wawo wachiwiri, L'Air du Désert Marocain, amene anatuluka mu 2005, ndipo Lonestar Memories anatsatira mu 2006 ali ndi nambala 03. Maperefyumu otere amalonda amawatcha kuti niche, ndipo kusiyana kwake ndi a makampani akuluakulu sikuli pamtengo pokha. Kampani yaikulu imayesa fungo latsopano pa anthu ambirimbiri isanayambe kuligulitsa, n'kuchotsamo chilichonse chimene ena sanasangalale nacho, moti chotsalacho chimakhala chosalakwira aliyense. Kampani yaing'ono imakhutira ndi ogula ochepa amene alikondadi fungolo, choncho ili ndi ufulu wosiya ukali wake momwemo. A Tauer anafotokoza kuti popanga perefyumuyu ankaganiza za woweta ng'ombe woyenda pa kavalo, wovala jinzi yakale ndi jekete lachikopa, amene madzulo wakhala pansi kuphika khofi pamoto wofuka. Nkhani zotere sindizitengera pamtima kwenikweni, popeza wogulitsa aliyense amakhala ndi yake, komabe iyi ili ndi ubwino wakuti sinamiza wogula: utsi, chikopa ndi kuuma kwa tchire zilimodi. Botolo lake ndi lagalasi labuluu, la mbali zisanu, lolowa mamililita 50, ndipo limabwera m'kabokosi kake.

Perefyumu aliyense ndi mafuta onunkhira osiyanasiyana osungunulidwa mu sipiriti, ndipo mafutawo sauluka nthawi imodzi. Sipiriti amauma pasanathe mphindi, kenako mafuta opepuka ochokera ku masamba ndi ku zipatso amatsatira, pamene utomoni ndi mafuta a mitengo zimakakamira pakhungu kwa maola ambiri. Maperefyumu ambiri amene timawapeza m'masitolo ndi m'misika anakonzedwa kuti akope munthu m'mphindi zisanu zoyambirira, chifukwa ndi m'mphindi zimenezo mmene wogula amapisira dzanja m'thumba. Lonestar Memories anamangidwa mozondoka: gawo lake lovuta kwambiri lili kumayambiriro, ndipo labwino limafika wogula atachoka kale pasitolo.

Mukangopopera, chimene chimayamba kukufikani m'mphuno ndi fungo lowawa la phula ndi labala wotentha, lamphamvu moti munthu amabweza mutu asanaganize n'komwe. Aliyense amene anatsukapo khola la ng'ombe kapena chimbudzi ndi creolina adzamvamo kafungo kamene akukadziwa, ndipo sadzakhala akudzinamiza. Pamodzi ndi phulalo pamabwera mafuta a masamba a geranium, a chitsamba cha clary sage ndi a njere za karoti. Geranium, chomera chimene kwawo kwenikweni ndi kum'mwera kwa Africa ngakhale kuti mafuta ake masiku ano amapangidwa kwambiri ku Egypt ndi ku China, amabweretsa kuzizirira kwa tsamba laliwisi lofikisidwa m'zala. Njere za karoti sizinunkhira ngati karoti wa kudimba. Fungo lake ndi louma, la dothi ndi mizu, ndipo ndi limene limachititsa kuti utsiwo umveke ngati wa panja pafumbi, osati wa m'nyumba yotseka. Ntchito ya zomera zitatuzi ndi kuchepetsa kulemera kwa phula kuti lisatsamwitse, ndipo mwa kuona kwanga zimakwanitsa theka lokha la ntchitoyo. Kwa mphindi 20 kapena 30 zoyambirira, perefyumuyu ndi wochititsa chidwi koma si wosangalatsa, ndipo amene angakuuzeni kuti anamukonda pomwepo ndi munthu amene anazolowera kale mafungo a mtundu umenewu.

Phula limeneli ndi loyenera kulifotokoza bwino, chifukwa perefyumu yense waima pa ilo. Si phula la mumsewu ayi, koma lochokera ku makungwa a mtengo wa birch, mtengo wa makungwa oyera umene umamera m'mayiko ozizira a kumpoto monga Russia, Finland ndi Canada. Makungwawo amawatenthetsa m'chiwiya chotseka mosalowa mpweya wokwanira kuyatsa moto, zimene sizisiyana kwenikweni ndi zimene amachita owotcha makala a tsanya cha ku Changara kapena ku Moatize, kupatula kuti wowotcha makala amafuna cholimba chotsala pansi n'kulola utsi kuthawa, pamene wopanga phula amautchera utsiwo kuti uzizire n'kusanduka madzi akuda onanda. M'madzi amenewo muli mankhwala a gulu la phenol, makamaka guaiacol ndi cresol. Guaiacol amapezeka mu utsi wa nkhuni zilizonse, ndipo ndi mmodzi mwa mankhwala amene amapereka fungo ku nyama kapena nsomba yowamba. Cresol ndi amene alinso mu creolina, ngakhale kuti wa mu creolina amachokera ku phula la malasha. Choncho mphuno imene yamva mankhwala a m'khola m'perefyumu wodula chonchi yamva zoona, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi pozinena.

Mbiri ya phulali m'maperefyumu inayambira kwa ofufuta zikopa a ku Russia, amene ankalipaka pazikopa kuti zisalowe madzi ndiponso kuti tizilombo tisaziwononge. Nsapato zazitali, zikwama ndi zikuto za mabuku zopangidwa ndi chikopa chimenecho zinali za anthu olemera, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu a ku Ulaya anayamba kumva fungo la phula la birch ngati fungo la chikopa chapamwamba. Kampani ya Chanel inatulutsa perefyumu wa Cuir de Russie, wopangidwa ndi Ernest Beaux, m'zaka za m'ma 1920, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mafungo a chikopa akhala banja lakelake pakati pa maperefyumu. Mfundo yofunika kwa ife ndi yakuti chikopa chimene chili mu Lonestar Memories si chikopa cha mbuzi chokhomedwa padzuwa kuseri kwa nyumba. Ndi chikopa chofufutidwa kale, chopakidwa mafuta, cha lamba kapena chishalo. Phula laliwisi lili ndi mankhwala ena amene angayambitse khansa, n'chifukwa chake bungwe la IFRA, limene linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo limaika malamulo a zosakaniza za m'maperefyumu, limalola phula loyengedwa lokha, limene zoipazo zachotsedwamo.

Pakatha pafupifupi ola, ukali wa labala umayamba kuphwa ndipo pansi pake pamatuluka kufunda. Kufunda kumeneku kukuchokera makamaka ku utomoni wa labdanum, umene umatengedwa ku chitsamba cha cistus chomera m'mapiri ouma a ku Spain ndi ku Portugal, chimene Apwitikizi amachitcha esteva. Chitsambachi chimatulutsa utomoni womata pamasamba ake m'nyengo yotentha, ndipo kale anthu a kuzilumba za nyanja ya Mediterranean ankaupesa kuchokera ku ndevu ndi ubweya wa mbuzi zimene zadya m'tchiremo. Fungo lake ndi lofunda, lotsekemerera pang'ono, ndipo lili ndi kenakake ka thupi la munthu kapena la nyama, kamene kamachititsa kuti perefyumu asamveke ngati chinthu chopakidwa pamwamba koma ngati chochokera pakhungu penipeni. Apa ndi pamene utsi ndi utomoni zimagwirana n'kupanga chikopa chija. Duwa la jasmine lilimonso, koma musayembekezere kumva duwa. Ntchito yake ndi kusalaza malo amene phula ndi utomoni zikanakhulana, ndipo munthu amalizindikira pokhapokha akafunsa chifukwa chimene fungo lakuda chonchi silikukanda pakhosi. Khofi sanalembedwe pamndandanda wa zosakaniza, komabe ine ndimamva kuwawa kwa chinthu chokazingidwa mpaka kuda, ndipo izi sizodabwitsa popeza guaiacol yemwe uja amapezekanso mu khofi wokazinga.

Ndi m'gawo lino mmene funso langa loyamba lija limayankhidwira mokomera perefyumuyu. Utsi umene timauchapa m'zovala suli wokha: umabwera ndi mafuta ophikira amene apsa, ndi fungo la ndiwo, ndi kuwawasa kwa nkhuni zosauma, ndi mwaye, ndi phulusa lonyowa, ndipo kawirikawiri ndi thukuta la munthu amene wagwira ntchito pamotopo. Zimenezi ndi zimene mphuno ya munthu wa kuno imazindikira n'kunena kuti uyu wachokera kukhitchini. Mu Lonestar Memories zonsezi mulibe. Utsi wake ndi woyera, ngati mawu amenewa angagwiritsidwe ntchito pa utsi, ndipo wazunguliridwa ndi utomoni, mitengo ndi maluwa zimene sizipezeka pamafuwa. Ola loyamba likadutsa, munthu amene wakhala nanu pafupi amadziwa kuti mwadzola chinachake, ngakhale kuti sangathe kutchula kuti n'chiyani, ndipo sipakhalanso chiopsezo chakuti akuganizirani kuti simunasambe. Kuyambira ola lachiwiri mpaka lachisanu, ameneyu ndi mmodzi mwa maperefyumu okhutiritsa kwambiri amene ndinadzolapo: sasintha mwadzidzidzi, koma ulendo uliwonse mukabweretsa mkono kumphuno mumapeza kuti utsi wabwerera m'mbuyo pang'ono ndipo kufunda kwaonjezeka.

Gawo lotsiriza lili ndi mure, njere za tonka, vetiva, mkungudza ndi mtengo wa sandalwood. Mure, utomoni umene timaudziwa kuchokera ku mphatso za anzeru a kum'mawa, umachokera ku mitengo ya Commiphora ya ku Somalia, Ethiopia ndi Yemen, ndipo fungo lake ndi lowawirira, lozizirira, losiyana ndi lubani amene amafukizidwa pa Misa ku Lifidzi kapena ku Fonte Boa. Ndikunena zimenezi chifukwa ena akamva za perefyumu wa utsi amaganiza za m'tchalitchi, koma uyu alibe kuwala ndi kupepuka kwa lubani. Utsi wake umayenda chapansipansi. Njere za tonka zimachokera ku mtengo wa m'nkhalango za ku Venezuela ndi ku Brazil, ndipo zili ndi mankhwala otchedwa coumarin, amene William Perkin wa ku England anakwanitsa kuwapanga mu labotale mu 1868. Coumarin ali ndi fungo la udzu womwetedwa umene ukuuma, lotsekemera koma louma, ndipo likakumana ndi utsi wotsalira uja limatulutsa chinthu chimene mlimi aliyense wa ku Angónia kapena ku Furancungo angachizindikire: fungo la m'chigafa pamene fodya wa bale wasanduka wofiirira ndipo watsala pang'ono kumangidwa. Fodya salembedwa pakati pa zosakaniza, koma mphuno yanga imamupeza pamenepo nthawi zonse, ndipo ndi mbali imene ndimaikonda koposa.

Vetiva ndi udzu womwe uja alimi amadzala m'mizere yopingasa pamalo otsetsereka kuti nthaka isakokoloke. Mafuta ake ali m'mizu, ndipo dziko la Haiti ndi limene limatulutsa ambiri, kenako chilumba cha Java ku Indonesia. M'perefyumuyu vetiva sadzionetsera, koma ndi amene amagwira kutsekemera kwa tonka kuti kusasefukire. Pakatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, chotsala pakhungu ndi fungo lofewa la mitengo ndi utomoni, lotsekemera pang'ono, limene amalimva ndi munthu yekhayo amene wakuyandikirani kwambiri. Apa ndiye ndili ndi kadandaulo: gawo lomalizali ndi labwino, koma silisiyana kwambiri ndi mathero a maperefyumu ena a kampani yomweyi, ndipo pambuyo pa chiyambi cholimba mtima chonchija munthu amayembekezera mathero okhala ndi nkhope yawoyawo.

Tsopano za nyengo, zimene wolemba wa ku Ulaya sangakuuzeni. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo okwera mamita osakwana 200 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kutentha kumafulumizitsa kuuluka kwa mafuta onse, moti zimene zinakonzedwa kuti zizituluka motsatizana zimadzuka pamodzi, ndipo popeza phula ndi limene lili ndi mawu aakulu, limamiza zina zonse. Thukuta likalowererapo, mankhwala a phenol aja amayamba kumveka mowawasa, ndipo fungo limene linayenera kukhala la chikopa limakhala la garaja. Tsiku lina masana ndili m'chapa pakati pa Moatize ndi mlatho wa Samora Machel, mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwanga anafunsa mokweza kuti, "A motorista, kodi si mabuleki akupsa amenewa?" Palibe amene anadziwa kumene fungolo linkachokera, ndipo ine sindinaone chifukwa chowathandizira kufufuza. Mumzinda wa Tete perefyumuyu angayesedwe usiku wa mu Juni kapena Julaye, kapena mu ofesi imene muli makina oziziritsa mpweya, koma ngakhale pamenepo amaoneka kuti ali kwa eni.

Mukakwera phiri kudzera ku Mussacama n'kufika ku Ulongwe, makilomita opitirira 200 kuchokera mumzinda, nkhani imasintha. Ulongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo ku Tsangano ndi kumapiri a ku Domwe ndi kokwera kuposa pamenepo, kumene m'mawa wa mu Juni ndi Julaye munthu amaona mpweya wake ukutuluka m'kamwa. M'chisanu chotere mafuta amauluka mwapang'onopang'ono, ukali wa poyamba umakhala pafupi ndi khungu m'malo modzaza chipinda, ndipo magawo atatu aja amamveka bwinobwino, lina pambuyo pa linzake, monga mmene wopanga anafunira. Palinso chinthu china chimene chimathandiza: m'miyezi imeneyi mpweya wa kumtunda umakhala kale ndi utsi wa moto wowotha ndi wa minda imene ikusosedwa, choncho perefyumuyu salimbana ndi malo amene ali. Pansi pa jekete kapena juzi, kufunda kwa labdanum ndi tonka kumasungika, n'kumatuluka pang'onopang'ono cha pakhosi munthu akamayenda. Ngati pali nyengo imene Lonestar Memories amamveka ngati anapangidwira chigawo chino, ndi kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, kumapiri.

Muyezo wake ndi wofunika kwambiri kuposa mmene zilili ndi maperefyumu ena. Kupopera kamodzi pachifuwa, mkati mwa malaya, n'kokwanira tsiku lonse, ndipo kawiri ndi malire. Chizolowezi chathu chopopera m'khwapa, m'khosi, pazovala ndi mumpweya n'kudutsamo chimagwira ntchito ndi mafungo opepuka, koma ndi uyu chimadwalitsa mutu mwini wake ndi onse amene ali naye. Ndi bwinonso kudzithira padakali theka la ola kapena ola lathunthu musanatuluke m'nyumba, kuti gawo la labala lipsere kwanu. Pazovala musapoperepo, makamaka zaubweya, chifukwa nsalu ilibe kutentha kwa thupi kumene kumasintha fungo, motero phula limakhala momwemo kwa masiku, ndipo nthawi zina limapirira ngakhale chovalacho chitachapidwa. Khungu louma, limene ambirife timakhala nalo m'chisanu, limataya fungo msanga. Kudzola kaye mafuta osanunkhira kumathandiza kuti likhalitse.

Ponena za malo oyenera, sindingalangize munthu kupita naye kumaliro, kuchipatala kapena kokafunsira ntchito, kumene anthu amakhala mothinana ndipo sangathe kusuntha. Kwa aphunzitsi, m'kalasi yodzaza ana si malo akenso. Amayenera madzulo, paulendo wa panjinga yamoto kapena pagalimoto, pamacheza a panja, ndi kwa munthu amene ntchito yake imamupatsa mpata wokhala patalipatali ndi anzake. Ambiri adzamutenga ngati perefyumu wa amuna, ndipo ola loyamba limawavomereza, koma gawo la labdanum, mure ndi tonka lilibe chimene chingaletse mayi kulidzola. Chovuta kwa amayi a kuno n'chakuti ndi iwo amene amanenedwa kwambiri za fungo la kukhitchini, choncho chiopsezo cha ola loyamba n'chachikulu kwa iwo kuposa kwa abambo, ngakhale kuti cholakwa si cha perefyumuyo.

Mtengo wake ndi nkhani yosazembeka. Botolo la mamililita 50 limagulitsidwa pamtengo wopitirira mayuro 100, kutanthauza mametikali oposa 7,000, musanawerengere zotumizira ndi msonkho wa pachipata. Kulipeza n'kovutanso, chifukwa perefyumu ali ndi sipiriti amene amayaka, ndipo malamulo a ndege amamuika m'gulu la katundu woopsa, moti ogulitsa ambiri a pa intaneti satumiza kumayiko akutali. Njira imene imagwira ntchito ndi kutuma wachibale kapena mnzanu amene akuchokera ku Ulaya kuti abwere nalo m'chikwama. Kampani ya Tauer imagulitsanso timabotolo ting'onoting'ono toyesera, ndipo ndi perefyumu wa khalidwe lotere kugula botolo lalikulu musanayese n'kutaya ndalama dala. Kabotolo kamodzi koyesera kamakwana masiku angapo, popeza muyezo wake ndi wochepa chonchija, ndipo masiku amenewo ndi okwanira kudziwa ngati inu ndi a m'nyumba mwanu mungapirire naye. Ndatchula a m'nyumba chifukwa ndi iwo amene amalandira ola loyamba lija tsiku ndi tsiku.

Amene anazolowera maperefyumu a ku Dubai, amene tsopano adzaza m'masitolo, angaganize kuti uyu ndi wa banja lomwelo chifukwa nayenso ndi wamphamvu ndi wokhalitsa, koma akusiyana kwambiri. Ambiri a ku Dubai mphamvu yawo ili m'kutsekemera, mu vanila, mu rozi ndi m'mafuta opangidwa motsanzira oud (utomoni wonunkhira wa mtengo wa agarwood), ndipo fungo limene mwamva m'mawa ndi lomwelo limene mudzamve madzulo. Lonestar Memories ndi wouma, kutsekemera kwake kumabwera mochedwa ndiponso mwaulemu, ndipo ubwino wake wonse uli m'kusintha kwake. Wofanana naye kwenikweni ndi Patchouli 24 wa kampani ya Le Labo, wopangidwa ndi Annick Ménardo ndipo anatuluka mu 2006, amene nayenso waima pa phula la birch koma amalifewetsa ndi vanila, moti utsi wake umapendekera ku nyama yowamba ndi kutsekemera, pamene wa Tauer umapendekera ku tchire ndi chikopa. Kwa amene akufuna kufunda kopanda phula, L'Air du Désert Marocain ndi wosavuta kukhala naye, ndipo amapirira kutentha bwino chifukwa ali ndi zokometsera zouma monga coriander ndi cumin pamwamba pa utomoni ndi mkungudza. A Tauer anabwereranso ku nkhani ya chikopa mu 2016 ndi Lonesome Rider, amene ndi wowala ndi wopepuka, ndipo kwa munthu wokhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize ameneyo ndi amene ndingayambe kumutchula.

Kasungidwe kake kakufuna chisamaliro m'dera lathu, chifukwa kutentha ndi kuwala zimawononga mafuta a masamba msanga, ndipo mafuta amenewo ndi amene amachepetsa ukali wa phula. Akawonongeka, chotsala ndi chiyambi chowawa kuposa kale. Kabokosi kake kaja musakataye, botolo lizikhala momwemo, m'kabati ya m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumba, osati pawindo kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa. Popeza miyezi yomuyenera ndi itatu yokha pachaka ndipo kupopera kamodzi kumakwana tsiku, botolo limodzi limatha zaka zingapo, zimene zimachepetsako ululu wa mtengo wake kwa munthu wa ku Ulongwe kapena ku Tsangano. Kwa wa kuchigwa, amene nyengo yake yozizira ndi yaifupi ndipo masana ake amatentha ngakhale mu Julaye, kabotolo koyesera n'kokwanira kukhutiritsa chidwi, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku fungo limene lingapirire mwezi wa Novembala.